Kulima Tomato Wamkulu M'zidebe Kuno ku Chigwa

Mau olankhulidwa ndi mmodzi wa mamembala pa Msonkhano wa Pachaka, nalembedwa muno monga Msonkhano unapempha.



Ndithokoza Komiti chifukwa cha kundipatsa danga ili. Pamene Mlembi anamveketsa kuti ine ndidzalankhula lero, ena anayesa kuti ndidzanena za miseu, kapena za milatho, kapena za ana athu osowa malo m'sukulu. Zimenezo nzazikulu ndithu, ndipo alipo ozidziwa koposa ine. Koma ine ndasankha kanthu kakang'ono, ndiko tomato, amene agogo athu amuti phwetekere kapena matimati. Ndipo ndipempha kuti musafulumire kuseka kufikira nditatsiriza.

Inu nonse mukumbukira madzi a mu January 2015, ndi namondwe Ana wa mu January 2022, ndiponso Freddy wa mu March 2023. Madimba ambiri a m'mbali mwa Shire ndi Mwanza anakwiririka ndi mchenga, ndipo mabanja ena anasamukira kumtunda, kumene anapatsidwa malo okwanira nyumba ndi bwalo lokha. Enanso a ife tikhala m'nyumba za lendi pa Boma, pa Nchalo ndi pa Ngabu, pamene mwini nyumba salola munthu kugaula pakhomo. Anthu onsewa adya ndiwo tsiku ndi tsiku, ndipo mai ali yense muno adziwa kuti mphika wa ndiwo wopanda tomato ubwerera kukhichini wosatha. Chomwecho ndalama imene ikadagula sopo kapena kope la mwana ithera pa kamulu ka tomato atatu, amene kawiri-kawiri watsika pa galimoto kuchokera kumapiri, wafika atatubzika kale. Tsono funso langa ndi ili: kodi munthu wopanda dimba, wokhala m'dziko lotentha ngati lathuli, angathe kudzilimira tomato wamkulu, wodzaza dzanja, pakhonde pache? Yankho langa ndilo lakuti angathe, koma pokha-pokha akaleka kulimbana ndi dzuwa.

Poyamba tidziwe mlendo amene tifuna kumsunga. Kwao kwa tomato ndi kumadzulo kwa South America, ku maiko a mapiri a Andes. Amene anayamba kumlima bwino ndiwo anthu a ku Mexico, ndipo Aspanya ndiwo anamuolotsa nyanja m'zaka za m'ma 1500. Chikhalidwe chache ndicho kukonda usana wofunda ndi usiku wozizira. Ndicho chifukwa chache akondwa ku Tsangano, ku Lizulu, ku Bembeke ndi ku Bvumbwe. Ife kuno tiri pansi, pakuti malo ambiri a Chigwa chino sapitirira mamita 150 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mu October ndi November kutentha kufika madigiri 40 ndi kupitirira.

Chimene kutentha kuononga poyamba si masamba iai, koma duwa. M'kati mwa duwa liri lonse muli mungu, ndiwo ufa wachikasu uja. Ndipo chipatso sichigwira ngati munguwo sunagwere pa mutu wa duwa lomwelo uli wamoyo. Usana ukapitirira madigiri 32 masiku otsatana, usikunso osatsika pansi pa madigiri 21 kapena 22, mungu ufooka, duwa lichita chikasu pakhosi, nilithothoka. Mtengo uoneka wobiriwira, wamphamvu, wokondweretsa maso, koma wosabala. Mitundu ya zipatso zazikulu ndiyo iyamba kugonja. Phwetekere wathu wamng'ono uja womera yekha kudzala apirira koposa onse.

Ine ndinaphunzira ichi ndi manyazi. Chaka changa choyamba ndinafesa mu September, poona kuti ndinali ndi mpata pa nchito, ndipo ndinaoka mbande m'zitini za penti za malita 5, ziwiri m'chitini chimodzi, ndi kuzindandalika pa simenti kumadzulo kwa nyumba. Maluwa anadza, nagwa, anadzanso, nagwanso. Ndinapita kukadandaula kwa wogulitsa mbeu kuti wandinyenga, ndipo iye anandigulitsa yureya. Nditathira yureyayo mitengo inatalika kundipitirira, masamba ali bii, ndipo pa mitengo khumi ndi iwiri ndinatola zipatso zisanu ndi ziwiri, zitatu mwa izo zakuda kunsi. Mkazi wanga sananene kanthu, koma anazikazinga zonse tsiku limodzi mu mphika umodzi, kuti ndione ndekha kukula kwa dzinthu dzanga. Wogulitsa mbeu uja analibe mlandu. Wolakwa ndinali ine, pakuti ndinalakwa nyengo, chidebe, malo ndi chakudya, zonse zinai pamodzi.

Nyengo yathu ya tomato wamkulu ndi imodzi yokha pa chaka. Fesani kumapeto kwa March kapena m'kati mwa April, mvula ikuleka. Mbeu imera pakati pa masiku 5 ndi 10, ndipo ikakwana milungu inai mbande yafika pookedwa. Potero maluwa adzatseguka mu June ndi July, pamene mwera uomba ndipo usiku munthu afuna chofunda. Zipatso zidzacha mu July, August ndi kuchiyambi kwa September, dzuwa lisanakwiye. Mungathe kufesa kachiwiri mu May kuti kukolola kutalike, koma mukafika mu July musafesenso wamkulu. Pamenepo bzalani mitundu yaing'ono. Ndidziwa kuti mtengo wa tomato pa msika ukwera m'miyezi ya mvula, ndipo mtima ufuna kukhala naye nthawi imeneyo. Chidebe chithandiza pang'ono, chifukwa mungachikokere pakhonde kuti masamba asabvumbwe. Koma usiku wa January kuno uli wotentha, ndipo sindifuna kukulonjezani chimene ine sindinachione.

Kukula kwa chipatso kuyambira m'mbeu. Money Maker, amene ambiri timdziwa, abala zipatso zambiri zapakati, ndipo sadzafika pa nkhonya ya munthu ngakhale mumsamale ngati khanda. Roma ndi wautali, wa mnofu wouma, wabwino kuphika. Rodade wa ku South Africa ndi Tengeru 97 wa ku Tanzania ali olimba, oyenda bwino ulendo, ndicho chifukwa chache amalonda awakonda. Koma wofuna chipatso chachikulu afune Marglobe, kapena Oxheart wooneka ngati mtima wa ng'ombe, kapena mitundu imene pa pepala alemba Beefsteak. Imeneyi ichedwa kucha, itenga masiku 75 kufikira 85 chiokere, ndipo khungu lache nlofewa. Si ya pa lole, ndi ya pakhomo. Pa pepala pakalembedwa F1, dziwani kuti njere za zipatso zache sizidzabala ofanana ndi make. Koma mitundu yakaleyo mungasunge mbeu yache nokha.

Tsono za chidebe. Mtengo umodzi, chidebe chimodzi, ndipo chisachepere malita 20. Achikulire muno akumbukira chitini cha palafini cha magaloni anai chija, chimene amai athu anatungira madzi. Chimenecho chinali cha malita 18, ndipo ndiwo muyeso wotsiriza kuchepa. Lero tiri ndi zigubu za mafuta ophikira, ndowa zothyoka chogwirira, matumba a feteleza opinda pakamwa, ndi migolo yodula pakati, imene ilandira mitengo iwiri. Mtsuko waukulu wong'aluka upambana zonsezi, chifukwa dothi loumba lituluka thukuta ndi kuziziritsa mizu, monga liziziritsa madzi akumwa. Chinthu chimodzi ndikuletsani ndi mtima wonse: ife ndife alimi a thonje, ndipo zigubu za mankhwala a thonje ziri mbwee m'midzi mwathu. Chigubu chimene munakhala mankhwala chisalowe pa nchito iyi, ngakhale mutachitsuka kasanu.

Boolani kunsi mabowo asanu kapena asanu ndi limodzi ndi msomali wamoto, ndipo chidebecho muchikhazike pa njerwa ziwiri. Njerwazo zichita zitatu: madzi otsala atuluka, chiswe sichikwera msanga, ndipo mizu siituluka kukalowa m'nthaka ya pansi imene ingakhale ndi matenda. Pakuti ubwino waukulu wa chidebe ndi womwewu, kuti dothi musankha ndinu. M'madimba akale, momwe tomato wabwerezedwa zaka ndi zaka, muli tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene titupitsa mizu mfundo-mfundo, muli ndi nthenda ija yofotetsa mtengo wonse tsiku limodzi masamba ali chibiriwire. M'chidebe zimenezi sizifika, ngati simuzitengeramo nokha.

Koma chidebe chiri ndi choipa chache, ndipo ndicho chimene ambiri sachiganizira. Mizu ya m'munda ithawira pansi pozizira. Mizu ya m'chidebe iribe kothawira. Ikani dzanja pa chigubu chakuda nthawi ya 2 koloko masana, mudzamva chimene mizu imva. Chifukwa chache chidebe chibvekedwe. Chikulungeni ndi udzu, kapena mphasa yakutha, kapena chiguduli cha thumba. Ena achipaka laimu kuti chiyere. Pamwamba pa dothi phimbirani ndi udzu wouma wosakhala ndi njere, kuchindikala kwache zala zitatu, koma usakhudze tsinde. Malo abwino ndiwo kum'mawa kwa nyumba, kumene mtengo ulandira dzuwa kuyambira kutuluka kwache kufikira litapendeka pang'ono, maora asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri, ndipo dzuwa laukali la masana ligwera kuseri. Pa simenti ndi pafupi ndi mpanda wa malata pakhale potalikira. Za mbuzi ndi nkhuku sindinena. Mudziwa inu eni ache kuti popanda kampanda mulimira izo.

Dothi la makande, limene litipatsa thonje ndi mapira, m'chidebe likhala mdani. Likanyowa ligwirana ngati phula, mizu nisowa mpweya. Likauma ling'ambika ndi kulekana ndi khoma la chidebe, kotero kuti madzi amene muthira angotsetsereka m'mbali ndi kutuluka kunsi, pakati pali pouma gwa. Sanganizani motere: mbale ziwiri za dothi lapamwamba la pansi pa mtengo, mbale imodzi ya manyowa a m'khola oola bwino, ndi mbale imodzi ya mchenga wokhakhala wa kumtsinje kapena mankhusu a mpunga. Dothilo lisachokere pamene panali tomato, fodya, mabiringanya, tsabola kapena mbatata ya kachewere, pakuti zonsezi ndi banja limodzi ndipo zipatsirana matenda. Manyowa akhale oti asanduka dothi lakuda losanunkha. Ndowe zaziwisi zitentha mizu. Pooka, zamitsani mbande kufikira masamba oyamba, chifukwa tsinde la tomato litulutsa mizu pali ponse pamene lakwiririka. Okani madzulo, ndipo zikani mtengo wochirikiza tsiku lomwelo, nsungwi kapena mtengo wowongoka wotalika ngati munthu, kuti mungadzalase mizu pambuyo pache.

Ndafika tsono pa madzi, ndipo pano ndichedwapo, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa. Chipatso cha tomato ndi madzi pafupi-fupi chonse. Pa magawo 100 a kulemera kwache, oposa 90 ndi madzi. Mtengo waukulu wokhala ndi zipatso, tsiku lotentha ndi la mphepo, ungamwe malita atatu kapena anai. Koma chofunika choposa kuchuluka ndicho kusadumphitsa. Ambiri a inu munaona tomato wokongola pamwamba, koma kunsi kwache kuli chibanga chakuda, cholowa m'kati, cholimba ngati chikopa. Anthu ayesa nthenda, nathamangira kukagula mankhwala opopera; ena ayesa kuti wina wawachita chipongwe. Si nthenda iai, ndipo palibe mankhwala opopera amene aichiritsa. M'dothi muli mchere wina wotchedwa kashiamu, umene umanga mnofu wa chipatso monga laimu amanga nyumba. Kashiamuyo sayenda yekha; akwera ndi madzi kuchokera ku mizu. Masamba ndiwo akoka madzi mwamphamvu, chipatso chikoka mofooka, ndipo kunsi kwa chipatso ndiko kumapeto kwa ulendo. Tsono chidebe chikauma tsiku limodzi lokha pamene zipatso ziri zazing'ono ngati dzira la njiwa, masamba alanda madzi onse, kunsi kuja kusowa kashiamu, mnofu nufa. Chibangacho chioneka patapita masiku, inu mutaiwala kale za tsiku lija munapita ku maliro osasiya wothirira. Mitundu yaikulu ndi yaitali ndiyo igwidwa kwambiri. Makoko a mazira amene ena athira sathandiza chaka chomwecho, chifukwa achedwa kusungunuka. Dothi lathu kawiri-kawiri liri naye kale kashiamu, chosowa ndi madzi omnyamula.

Kung'ambika kwa zipatso kuchokera ku gwero lomweli. Mtengo ukamva ludzu khungu la chipatso likhwima; mukadza ndi ndowa yodzaza kudzalipira mlandu wa dzulo, mnofu utupa msanga koposa khungu, chipatso niching'ambika, ntchentche ndi kubvunda nizilowa. Chomwecho lamulo ndi ili: thirirani m'mamawa tsiku liri lonse, pang'ono-pang'ono, pa dothi, osati pa masamba, kufikira madontho ayamba kutuluka kunsi. Masana pisani chala m'dothi kufikira mfundo yachiwiri; mukapeza pouma, thiraninso madzulo. Kuyambira August kuthirira kawiri sikulephereka. Amene achoka pakhomo tsiku lonse atenge botolo la malita awiri, aliboole timabowo tiwiri ndi singano, alikwirire m'mbali mwa chidebe pooka mbande, nalidzaze m'mawa. Lidzadontha lokha dzuwa lonse. Ndipo nchito iyi ikhale ndi mwini wache mmodzi wodziwika, pakuti pa nyumba pamene onse athirira, tsiku lina palibe wothirira.

Pali bvuto lina limene anzathu a kumapiri salidziwa. Mijigo yambiri ya Chigwa chino ituluka madzi amchere. Tomato apirira mchere pang'ono, ndipo zipatso zache zikomako. Koma zichepa msinkhu, ndipo chibanga chakuda chija chichuluka, chifukwa mchere uletsa mizu kumwa. M'munda mvula itsuka mcherewo. M'chidebe, madzi auluka ndi dzuwa, mchere nutsala, nuunjikana tsiku ndi tsiku. Chizindikiro chache ndi ufa woyera pamwamba pa dothi ndi m'milomo ya chidebe, ndi masamba opserera m'mphepete. Kamodzi pa mlungu thirani madzi ochuluka dala, kuti atuluke kunsi ambiri ndi kukokolola mcherewo. Ndipo ngati muli ndi madzi a mumtsinje kapena a mvula osunga mu mgolo, asungireni tsiku limenelo. Madzi a mjigo amene lilime likana kumwa, musayese kulimira tomato wamkulu. Madzi otsukira mpunga ndi ndiwo zamasamba ngabwino. A sopo wa ufa wochapira ngoipa. Phulusanso musachulutse, pakuti nthaka yathu siilifuna monga ya kumapiri.

Chinthu chobvuta mtima koposa zonse ndicho kuchotsa. M'khwapa mwa tsamba liri lonse mutuluka mphukira, ndipo iri yonse ifuna kukhala mtengo pa yokha. Alimi a fodya adziwa chochita nazo. Zitsineni ndi zala zikali zazifupi ngati chala chaching'ono, kamodzi pa mlungu, m'mawa, kuti bala liume ndi dzuwa. Mtengo ukwere ndi tsinde limodzi, womangidwa momasuka ndi kansalu kakutha kapena luzi. Phava loyamba la maluwa likagwira zipatso zisanu ndi ziwiri, siyani zitatu zooneka bwino, zinazo dulani zikali ngati nsawawa. Mapava anai kapena asanu akakwana, dulani nsonga, kusiya masamba awiri pamwamba pa phava lotsiriza. Dzanja limakana, ndivomera. Inenso ndinayamba ndi kuzisiya zonse. Koma malita 20 a dothi ali ndi mphamvu yowerengeka, ndipo mwini asankhe yekha ngati aigawira zipatso makumi anai zazing'ono kapena khumi ndi ziwiri zazikulu. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Izi ndinena za mitundu yotalika. Mitundu yaifupi yochita tchire, monga Roma ndi Rodade, siifuna kutsinidwa kotere.

Masamba okha musawachotse mopitirira. Mabuku olembedwa m'maiko ozizira auza munthu kusadza masamba kuti dzuwa lifike pa zipatso. Kuno dzuwa likafika pa chipatso chosabvala lichiwaula mbali imodzi, nipayera ngati pepala. Chotsani a m'munsi okha okhudza dothi ndi achikasu. Otsalawo ndiwo ambulera. Ndipo maluwa akatseguka, gogodani mtengo wochirikiza ndi chala kawiri kapena katatu, nthawi ya 9 kapena 10 koloko m'mawa, mame atauma. Kugwedezako kugwetsa mungu m'kati mwa duwa, nchito imene kumunda ichitidwa ndi mphepo ndi njuchi zazikulu.

Za chakudya ndinena mwachidule. Madzi otuluka kunsi atenga chakudya, chotero mupatse pang'ono koma kawiri-kawiri. Muyeso wanga ndi chitsekero cha botolo la zakumwa. Zitsekero ziwiri za D Compound zisanganizidwe ndi dothi musanaoke. Zipatso zoyamba zikagwira, chitsekero chimodzi cha CAN milungu iwiri iri yonse, m'mbali mwa chidebe, pa dothi lonyowa. Wopanda ndalama ya feteleza abviike zitosi za nkhuku m'thumba m'kati mwa mgolo wa madzi milungu iwiri, nasungunule madziwo kufikira aoneke ngati tiyi wopyapyala, nathire pa dothi kamodzi pa mlungu. Yureya, monga mwamva za ine, abala masamba.

Adani alipo, ndipo awiri ndiwo akulu. Woyamba ndi kagulugufe kakang'ono kotchedwa Tuta absoluta, kochokera ku South America komweko, kamene kanafika ku Spain mu 2006, ku Tanzania mu 2014, ku Zambia ndi ku South Africa mu 2016, ndipo kwathu kuno kanafikanso. Mphutsi yache ilowa pakati pa tsamba, nidya m'kati, kusiya malo oyera oonekera ngati zenera. Pambuyo pache iboola chipatso pafupi ndi phata. Mlimi wa maekala abvutika nako kwambiri, pakuti sikamva mankhwala ambiri. Koma mwini zidebe khumi angathe kuyendera tsamba liri lonse m'mawa ndi kuphwanya mphutsiyo ndi zala. Wachiwiri ndi kangaude wofiira, wochepa ngati fumbi, wokhala kunsi kwa masamba, amene achuluka kukatentha ndi kuuma, maka-maka kuyambira August. Masamba achita timadontho tachikasu, kenaka ukonde. Tsukani kunsi kwa masamba ndi madzi m'mawa, ndipo mtengo wotha kubala muuzule ndi kuutentha, usakhale nkhokwe ya adani. Mitengo ya nimu tiri nayo pa khomo liri lonse: sinjani njere kapena masamba ache, bviikani usiku umodzi, sefani, onjezani kasopo pang'ono, nimuwaze madzulo. Mankhwala a thonje asayandikire chakudya cha ana. Mukagula mankhwala a ndiwo zamasamba, werengani masiku amene alembedwa kuti apite musanathyole, nimuwasunge. Osuta ndi ofwenkha fodya asambe m'manja ndi sopo asanakhudze mitengo, chifukwa nthenda ina yamawanga ichokera mu fodya.

Mtengo ukafota wonse mwadzidzidzi dothi liri lonyowa, yesani motere: dulani kachidutswa ka tsinde la m'munsi, kalendeketseni m'tambula ya madzi oyera, nimudikire mphindi zochepa osagwedeza. Mukaona timaulusi toyera ngati mkaka tikutsika kuchokera pa bala, ndiyo nthenda yofotetsa ija, ndipo iribe mankhwala. Tayani mtengo ndi dothi lache kutali, tsukani chidebe, chiume pa dzuwa. Apa ndipo chidebe chionetsa ubwino wache, pakuti mwataya chimodzi, zinzache ziri bwino.

Pothyola musadikire kuti chipatso chifiire pa mtengo. Kufiira kwa tomato kuleka kupangika kutentha kukapitirira madigiri 30 kapena 32, ndicho chifukwa chache wa mu September achita chikasu m'mapewa. Kunsi kukayamba kusanduka, thyolani pamodzi ndi kaphata, muike m'lichero m'chipinda chozizira; adzafiira bwino m'masiku ochepa, ndipo mbalame ndi kung'ambika mwazilewa. Chipatso choposa zonse cha mtengo wathanzi chikhale cha mbeu: chipse ndithu, finyirani njere m'kapu pamodzi ndi madzi ache, zikhale masiku awiri kapena atatu kufikira pachita thobvu, tsukani, yanikani pa mthunzi, nimusunge m'botolo louma lotseka.

Kodi phindu lache nlotani? Tiwerenge. Mapava anai a zipatso zitatu ndizo zipatso 12. Chiri chonse chikalemera magalamu 250, mtengo umodzi wapatsa makilogalamu atatu. Chipatso chimodzi chotere chikwanira mphika wa ndiwo wa banja. Zidebe khumi, zisanu zofesa mu April ndi zisanu mu May, zichotsa tomato pa ndalama ya kumsika miyezi iwiri kapena itatu, ndi kutsalako wopatsa mnansi. Sizilemeretsa munthu, ndipo madzi a zidebe khumi m'mwezi wa August ndiwo ndowa ziwiri pa tsiku, zimene wina ayenera kusenza. Abambo amene mwakondwa ndi mau angawa, muyambe mwapangana ndi amai za ndowa ziwirizo, kapena mukonze njinga.

Bambo Wapampando, ndiri ndi mapempho awiri kwa Komiti. Pepala limodzi la mbeu liri ndi njere zochuluka koposa zimene nyumba imodzi ifuna, ndipo zotsala zifooka ndi kutentha. Ndipempha kuti Bungwe ligule mapepala awiri kapena atatu a mitundu yaikulu, lifese nazale imodzi kumapeto kwa March pa nyumba ya membala wokhala ndi madzi abwino, ndipo mbande zigawidwe poyamba kwa mabanja amene anasamuka chifukwa cha madzi ndi kwa amai amasiye. Chachiwiri, mamembala okhala ndi makola a ng'ombe alole kuti manyowa aunjikidwe pa mthunzi kuyambira January, kuti pofika April akhale ataola. Nazaleyo ine ndidzipereka kuiyang'anira, ndipo ali yense wofuna kuona katsinidwe ka mphukira adze kwathu Loweruka liri lonse la mu June, m'mawa, dzuwa lisanakwere.